Minibasi ya Bambo Anu Pamwezi

Chaka choyamba, ku Neno

Tadala ndi Mphatso, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye lero ndayamba. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu a Felesiya, ndinawafotokozera kalekale ndipo amazikamba bwino kuposa ine ngakhale amawonjezera. Ine ndiyambira tsiku limene ndinatsika pa lole ku Neno, nditanyamula sutikesi yamalata ndi kalata yonena kuti ndalembedwa ntchito yokopera mapulani a nyumba. Nthawi imeneyo Neno inali isanakhale boma payokha. Ofesi yathu yoona zomangamanga inali chipinda chimodzi chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kumapiri, ndipo tebulo langa analiika pansi pa zeneralo chifukwa ntchito yanga inkafuna kuwala. Ndinkayala pepala loonekera pamwamba pa pulani imene akuluakulu ajambula, n'kumatsatira mzere uliwonse ndi cholembera cha inki, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Bwana wanga woyamba anali a Kaliwo, munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene ankayenda ndi lezala m'thumba la malaya. Ukakhotetsa mzere sankakalipa. Ankangotulutsa lezalalo, kuliika patebulo pako, n'kubwerera pampando wawo, iwe n'kuyamba kupala inkiyo mosamala kuti pepala lisabooke. Mapepala oonekerawo ankatenga miyezi asanabwere kuchokera ku Blantyre. Inki ikayamba kutha tinkaithira timadontho ta madzi mpaka mizere inkaoneka yotuwa, ndipo chaka china tinajambula zimbudzi za masukulu atatu kuseri kwa makalendala akale.

Vuto langa linali kulota ndili maso. M'miyezi yozizira nkhungu inkakwera kuchokera m'zigwa n'kudzaima pazenera, mapiri onse osaoneka. Ndikamakopera, ndinkaona makoma akudzuka papepala, denga likutsika pang'onopang'ono n'kukhala pamalo pake, chitseko chikutseguka. Tsiku lina ndinajambula ndi pensulo kamzimayi kosenza ndowa pakhomo la nyumba ya aphunzitsi. A Kaliwo anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, pulani siikhala ndi anthu. Anthu amabwera nyumba ikatha." Ndinakafufuta kamzimayiko, koma sindinasiye kukaona.

Dalaivala wa lole imene inandibweretsa uja ndi amene anadzakhala bambo anu.

Zaka za ku Matope ndi ku Ligowe

Atandikweza kukhala wojambula mapulani ndekha, ananditumiza ku Matope kukathandiza pa ngalande za ulimi wothirira. Kumeneko kunkatentha moti thukuta linkadonthera papepala n'kuyalutsa inki, ndiye ndinkamanga kansalu m'mkono. Masana ndinkapita kukakhala pamthunzi moyang'ana Shire, n'kumaonerera zinamasupuni zikutsetsereka ndi madzi, mbalame zitatera pamwamba pake ngati zakwera basi. Tadala unabadwira kumeneko. Kenako tinasamukira ku Ligowe, kumene ndinakhala zaka zambiri ndikujambula timilatho ndi nyumba za ogwira ntchito, zina zinamangidwa, zina zinathera m'kabati.

Zaka zimenezo bambo anu anasiya lole n'kuyamba kuyendetsa minibasi ya pakati pa Neno ndi Blantyre. Inu mukuwakumbukira momwe ankalankhulira. Ankayamba nkhani pa siteji, kudutsa nayo Lisungwi, kukaimaliza akutsitsa anthu mu Blantyre, ndipo ena ankadikira dala minibasi yawo ngakhale ina itadzaza kale. Nthawi ya dzinja galimoto ikatitimira m'matope, anthu ankatsika kukakankha, iwo atatulutsa mutu pawindo akuwauza kuti matope a kwathu kuno ndi mankhwala a nyamakazi, ndipo anthu a m'tauni amachita kuwafunafuna. Anthu ankakankha akuseka, nsapato zili m'manja. Akafika kunyumba ankandibwerezera zonse, akusintha mawu kuti amveke ngati munthu aliyense amene anakwera tsiku limenelo.

Chaka chimene kompyuta inabwera

Nditabwerera ku Neno Boma, imvi zitayamba, tinalandira bwana watsopano, a Namaona. Anali munthu wansangala, wokonda zinthu zatsopano, ndipo anabwera ndi laputopu yamphamvu yokhala ndi pulogalamu youmbira zinthu kuti zizioneka ngati zenizeni, zoti ungazizungulire n'kuona kumbuyo kwake. Ankafuna kuti tikamapita kwa anthu a m'midzi tiziwaonetsa msika kapena chipatala chitaima, osati mizere yokhayokha imene ankangoigwedezera mutu mwaulemu asakuimva. Anzanga mu ofesi ankaganiza kuti ine, wamkulu pa onse, ndikana. Koma a Namaona atatsegula pulogalamuyo n'kukoka mzere umodzi, khoma n'kudzuka pa sikirini, ndinasendeza mpando wanga pafupi. Chinthu chimene ndinakhala ndikuchiona ndekha zaka zonse zija chinali pamaso pa aliyense.

Pulogalamuyo ukaitsegula umapeza kabokosi kotuwa kali kokha pabwalo lopanda malire. Kabokosiko umakakoka, kukadula, kukafinya ngati dongo, mpaka kasanduke chimene ukufuna. Ukatero umachipaka mtundu, n'kusankha pamene dzuwa likhale. Chimenechi n'chimene chinkanditengera nthawi. Ndinkatha kukhala ndikusuntha dzuwa uku ndi uku, n'kumaona mthunzi wa msika umene sunamangidwe ukutalika, ukufupika. Pomaliza umaisiya kompyuta kuti iwerengere kuwala konse n'kutulutsa chithunzi chomalizidwa. Inkatentha n'kumalira ngati mbaula ikukolezedwa, ndiye ife mu ofesi tinkangoti ikuphika. Magetsi akazima isanamalize, batire silinkachedwa kutha, ndipo umayambiranso.

Dzinja limene bambo anu anadwala

Anagwa m'mawa akumanga zingwe za nsapato. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Atatuluka, mkono wamanja unali utalendewera, mwendo ukukokeka, pakamwa patapindikira kumanzere. Mawu onse aja anapita, kunangotsala liwu limodzi lokha: "Tiyeni." Akafuna madzi ankati tiyeni. Akamva kuwawa, tiyeni. Abusa atabwera kudzapemphera, pamene ena tonse tinati ameni, iwo anati tiyeni, ndipo palibe amene analimba mtima kuseka. Inu munabwera, munakhala milungu ingapo, n'kubwerera ku ntchito zanu monga zinayenera kukhalira. Azakhali anu a Felesiya ndi amene anasamukira kwathu kuti azikhala nawo ine ndikapita ku ofesi.

Ankakhala pakhonde tsiku lonse atayang'ana kumsewu. Minibasi ikamadutsa ankatembenuza khutu, ndipo ndikudziwa kuti ankaizindikira iliyonse ndi kaliridwe ka injini. Alendo ankawalankhula mokweza ngati ogontha, ena ngati akulankhula ndi mwana. Mvula inatha, chimanga chinauma, tinakolola, ndipo m'nthawi yonseyo sindinawamve akuseka.

Masana ena mu ofesi, anzanga atapita kukadya, ndinatsegula kabokosi kotuwa kaja ndi cholinga choumba shedi ya msika. Manja anga anachita zawo. Ndinakatalikitsa, ndinaboola mawindo, ndinaika matayala, ndipo pofika nthawi yoweruka pa sikirini panali minibasi ya bambo anu, ndi chitseko chake chimene chinkachita kumangidwa ndi chingwe. Ndinafuna kuiika pamsewu wathu, koma nthaka imene ndinaumba inatuluka yotuwa, yamaenjemaenje, ndipo ndinali ndisanaike thambo, kumwamba kunali kwakuda bii. Ndinayang'ana n'kuona kuti minibasiyo yaima pamwezi. Ndinaisiya pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo nthawi yanga ya nkhomaliro ndi Loweruka lililonse zinapita kumwezi. A Namaona ankandilola kutenga laputopu kumapeto a sabata poganiza kuti ndikuphunzira, ndipo sankalakwitsa. Padenga la minibasi ndinamangapo matumba a mbatatesi, dengu la manachesi ndi mbuzi imodzi. Matayala ndinawatitimiza mu fumbi la pamwezi mpaka theka. Kenako ndinaumba eni dziko, anthu afupiafupi obiriwira, amiyendo itatu, mitu ngati maungu. Anabwera asanu kudzakankha. Popeza kumwezi zinthu n'zopepuka, atangokankha kamodzi minibasi inanyamuka n'kuyamba kuyandama, okankhawo atalendewera ku bampala miyendo yawo itatuitatu ikupalasa mlengalenga. Manachesi anatuluka m'dengu mmodzimmodzi n'kumazungulira galimoto ngati tidzuwa ting'onoting'ono. Mbuzi inayandama kumapeto kwa chingwe chake, yagada, ikutafuna mosatekeseka. Kutali, pamwamba pa phiri lotuwa, ndinaika dziko lathu, laling'ono ngati zipatso zomwezo.

Kuti zonsezi ziziyenda pankafunika zithunzi zambirimbiri zotsatizana, ndipo magetsi a ku ofesi sakanandifikitsa. Ndinapita kwa a Saidi, a sitolo ya pafupi ndi msika, amene anali ndi magetsi a sola komanso anali mnzawo wa bambo anu kuyambira masiku a lole. Sanandifunse zambiri. Anasuntha matumba a shuga pansi pa kauntala, laputopu n'kumaphika pamenepo Loweruka lonse iwo akugulitsa sopo ndi mafuta pamwamba pake. Ankandiuza kuti makasitomala ena amafunsa ngati asunga njuchi m'sitolo.

Pampando wa dalaivala ndinaumba bambo anu monga analili kale, nkhope yowongoka, manja onse awiri pachiwongolero. Nditamaliza ndinawaikira laputopu pakampando pakhonde. Anayang'ana minibasi, maso awo anawala. Kanema atafika pa dalaivala, anayang'ana kanthawi kochepa, n'kutembenukira kukhoma. Sanadye tsiku limenelo.

Ndinakhala masiku angapo osaitsegula. Kenako ndinamvetsa kuti munthu amene ndinamuika pachiwongolero anali wina, amene iwo ankamulira tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinangowakumbutsa kuti ngakhale mkazi wawo akufunabe yemweyo. Ndinabwerera n'kugwira pakamwa pa dalaivala woumbidwayo ndi mausi, kupakokera kumanzere pang'onopang'ono. Mkono wamanja ndinautsitsa n'kuugoneka pamwendo, wamanzere wokha n'kutsala pachiwongolero. Ndinapitanso kwa anthu obiriwira aja, onse asanu ndinawapinda pakamwa chimodzimodzi. Kumwezi aliyense anakhala wotero. Ndinaganizanso kuti chinenero chawo chikhale cha liwu limodzi. Ndinajambula mawu anga pa foni, a Saidi anandipatsa awo, ndipo a bambo anu ndinawajambula tsiku lina akuitanitsa tiyi. Kumwezi moni anali tiyeni, kukangana kunali tiyeni, kufunsa njira kunali tiyeni, ndipo dalaivala akalankhula, onse ankamumva n'kugwedeza maungu awo.

Azakhali anu ataziona koyamba ndili kuchipinda, nkhope yawo inasintha.

"Alamu, mukufuna kuwaseka achimwene ali moyo?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa ngati ndikuchita bwino, koma kukhala chete kwa m'nyumbamo kwandikwana. Iwo anati ngati ziwapweteke, mlandu ukhale wanga, ndipo anapita kukakhala kukhitchini.

Linali Lamulungu masana titabwera kutchalitchi. Ndinaikanso laputopu pakampando. Bambo anu anaona dalaivala wopindika pakamwa uja ndipo sanatembenuke. Munthu wobiriwira anafika pawindo n'kunena tiyeni mwaulemu, dalaivala anayankha ndi mawu awo enieni, wobiriwirayo n'kuthamanga kukaitana anzake. Ndinaona chala chawo chakumanzere chikugogoda bondo. Minibasi inanyamuka, okankha analendewera, kenako mbuzi ija inadutsa pa sikirini chagada ikutafuna. Pakhosi pawo panatuluka phokoso limene ndinayamba ndaliopa, ndinaganiza kuti atsamwa. Kunali kuseka. Kunatuluka mbali imodzi, ndi malovu, ndi misozi, phewa limodzi likugwedezeka. Azakhali anu anatuluka kukhitchini ndi chipande m'manja n'kuima pakhomo. Tinabwereza kasanu ndi kawiri mpaka batire linatha.

Chaka chomaliza pantchito

Ndinaiwala kuchotsa zinthuzo mu laputopu, ndipo a Namaona anazipeza akufunafuna chithunzi cha msika. Ndinawamva akuseka mu ofesi mwawo, kenako anandiitana. Sanakwiye. Anati chinthu chotere sichiyenera kubisika. Kunkabwera msonkhano waukulu wa akuluakulu a ntchito yathu ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo ankafuna kuti kanemayo atsegulire msonkhanowo pa chinsalu chachikulu, anthu aone zimene mayi wa ku Neno wakwanitsa. Anandiuzanso kuti ku likulu lathu ku Blantyre akutsegula gawo loumba zithunzi zotere, ndipo akaona ntchito imeneyi sangandilole kupuma pantchito, andisunga zaka zina ndikuphunzitsa ena, pa makompyuta amene sadikira Loweruka kuti aphike. Ku Blantyre kunalinso madokotala ophunzitsa odwala sitiroko kuyenda ndi kulankhula.

Ndisakunamizeni, ndinkafuna. Ndinayenda kuchokera ku ofesi mpaka kunyumba ndikuona chipinda chachikulu chowala, ine nditakhala kutsogolo. Koma ndinkaonanso holo yodzaza anthu ovala masuti, osawadziwa bambo anu, akuseka dalaivala wopindika pakamwa. Ena mwa iwo akanakajambula pa mafoni, ndipo pakutha pa sabata ana a pa siteji akanayamba kuwakuwiza liwu lija akamadutsa.

Ndinakhala pafupi nawo pakhonde n'kuwafotokozera zonse bwinobwino, za msonkhano, za Blantyre, za madokotala. Ndinawafunsa ngati akulola. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuvutika, n'kunena kuti, "Tiyeni."

Ndinalira, chifukwa yankho limenelo likanakhala lomwelo ngakhale akanafuna kukana. Ndinayesa kuwauza kuti agwedeze mutu, koma kuyambira pamene anadwala mutu wawo unkasokoneza inde ndi ayi. Ndinalemba mawu awiriwo papepala kuti aloze, analoza pakati. Mwina anachita dala, sindikudziwa.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Namaona n'kuwauza kuti nkhope ndi mawu zili mmenemo si zanga, ndipo mwini wake sangathe kundiuza maganizo ake. Anandipempha kuti mwina ndiwongole pakamwa pa dalaivala n'kuika mawu a munthu wina. Ndinati ndikatero ndiye kuti palibe chatsala. Iwo anati, "Mayi Matewere, mwayi ngati uwu subweranso." Ndinati ndikudziwa. Ndinakopera kanemayo ndi zonse zimene ndinaumba mu fulashi, n'kufufuta zonse mu laputopu iwo akuona. Kumsonkhanoko anaonetsa msika wanga, anthu anawomba m'manja pang'ono, ndipo za ku Blantyre sizinatchulidwenso. Miyezi ingapo pambuyo pake ndinapuma pantchito. Anandipatsa nsalu ndi wotchi yapakhoma.

Za madokotala aja ndi zimene zimandibwererabe. Mwina akanabweza mawu ena awiri kapena atatu. Mukafuna kundiweruza pa nkhani imeneyi muli ndi ufulu, pakuti ndi bambo anu.

Nditapuma

Mphatso unanditumizira laputopu yako yakale, yochedwa koma yogwira ntchito, ndipo ndinaikamo za mu fulashi zija. Tsiku lina a Saidi anabwera kudzazonda. Atakhala pakhonde, bambo anu anadzuka ndi ndodo yawo, kuwagwira malaya, n'kuwakokera m'nyumba mpaka pa tebulo pamene panali laputopuyo. Anandiyang'ana n'kugogoda chivundikiro chake. Ndinawaikira. Patapita masiku anachita chimodzimodzi ndi kondakitala wawo wakale, kenako ndi madalaivala awiri. Koma mkulu wina wa mpingo amene ankawalankhula ngati mwana atapempha kuti aone nawo, bambo anu anaika dzanja pachivundikiro osalichotsa mpaka munthuyo anatsanzika. Ndinaona kuti ankadziwa bwino amene akufuna kuti aone ndi amene sakufuna.

Kenako anayamba kundikonza. Anatenga pensulo yanga ndi dzanja lamanzere n'kujambula papepala chinthu chokhotakhota, akuloza kumbuyo kwa minibasi. Zinanditengera masiku awiri kuti ndizindikire kuti ndi tayala lapadera, ndipo kuti akudabwa dalaivala wanji amapita ulendo wautali chotere alibe. Ndinaliumba. Anajambula jeke, ndinaiumba. Anajambula chigubu cha madzi, kenako galasi la kumanzere limene ndinaika lathunthu pamene lawo linali long'aluka. Papepala lina anajambula munthu pampando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala, atavala duku. Ndinadziwa kuti ndi ine. Ndinadziumba ndekha, ndipo ndinadzichepetsako thupi pang'ono, iwo n'kupukusa chala mpaka ndinabwezera. Tinakhala choncho zaka ziwiri, iwo akujambula m'mawa, ine ndikuumba masana, kompyuta ikuphika pawindo, nkhuku zikulowa ndi kutuluka.

Pepala lomaliza anajambula kutatsala sabata imodzi kuti atisiye. Anatenga nthawi yaitali kuposa masiku onse, akufufuta ndi chala, akuyambiranso. Atamaliza sanaloze pa minibasi monga ankachitira. Analoza patsogolo pake, pabwalo lotuwa pamene sindinaumbepo kanthu. Ndi chinthu chozungulira mbali imodzi, chosongoka mbali inayo, chili ndi timizere titatu pamwamba. Ndinawafunsa ngati ndi nyumba, ngati ndi mlatho, ngati ndi chikwangwani cha pamsewu, ndipo ankangondiyang'ana moleza mtima ngati mmene ankadikirira munthu wochedwa kukwera.

Azakhali anu akuti ndi bwato. A Saidi anachitembenuza mbali zonse n'kunena kuti mwina ndi ketulo ikufuka nthunzi. Ine masiku ena ndimaona mbalame itatera, masiku ena sindiona chilichonse. Sindinachiumbe, chifukwa ndikuopa kuika chinthu cholakwika panjira yawo. Pepalalo lili mu envelopu ya khaki m'kabati ya kuchipinda, pansi pa nsalu za tchalitchi. Mukabwera pa Khirisimasi mudzaliyang'ane aliyense payekha, musanauzane, kenako mudzandiuze chimene mwaona.